Matayala Obwereka

Kanyama, Lusaka
12 Meyi 1996

Okondedwa Amake Lillian,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana ndi amayi. Ine kuno ndili bwino. Madzi aja anadzaza Kanyama aphwa, kwatsala matope ouma ndi udzudzu, koma bedi sindinalitsitse pa njerwa.

Ntchito ndaipeza. Patha miyezi khumi ndi inayi chitsekereni kampani ya boma ija, ndipo ndinali nditayamba kuiwala fungo la dizilo. Andilemba ndi ba Kapambwe, aja anali mkulu wa sitolo ya zipangizo ku kampani yathu yakale, ovala taye ngakhale tsiku la mpira. Katundu wa kampani atagulitsidwa iwo anagulako malole asanu, ndipo atsegula yadi yawoyawo ku Chinika. Kuchokera pano ndimayenda pansi mphindi makumi awiri ndi zisanu.

Ntchito yanga ndi kuyang'anira mapepala ndi chitetezo cha malole. Lole iliyonse iyenera kukhala ndi laisensi ya msewu, inshuwalansi, chilolezo chonyamulira katundu wa anthu, ndi fitinesi, chiphaso chimene a boma amapereka akaiyesa n'kuona kuti ili bwino. Dalaivala nayenso akhale ndi laisensi ya magalimoto akuluakulu ndi pepala la dokotala wa maso. Lole isanatuluke pa geti ndimaizungulira, ndimalowa kunsi, kenaka ndimasaina pepala lakuti ipite. Ndagula buku lachikuto cholimba lolembamo zonse monga anatiphunzitsira ku koleji, mpaka nambala imene imadindidwa m'mbali mwa tayala lililonse. Madalaivala andipatsa kale dzina, akuti ndine "ba Koleji".

Nkhani ya Lillian yandisangalatsa kwambiri. Kalata yomuitanira kusukulu ya unamwino muisunge m'Baibulo, isanyowe. Tsiku lokaonekera ndi Lachinayi pa 15 Ogasiti, 8 koloko m'mawa, ndipo wochedwa samudikira. Za basi musadandaule, ngakhale mtengo wake wakwera kawiri chaka chino. Lole yathu Nambala 3 imapita ku Chipata kawiri pa mwezi, ndipo pobwera imadutsa pa Katete. Ba Kapambwe alola kuti inu ndi Lillian mudzakwere kutsogolo, mipando ilipo iwiri. Ndawapempha kuti chilolezocho achilembe papepala, anandiseka koma alemba. Dalaivala wake ndi a Majidi, bambo wachikulire wachisilamu wa ku Chawama, makolo awo anachokera ku Mangochi. Samwa mowa, ndipo msewu umenewo auyenda zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mudzayenda ngati mabwana.

Ogula mtedza a masikelo a m'manja akabwera musafulumire kugulitsa. Muyambe mwayesa thumbalo pa sikelo ya kusukulu. Mwendo wa amayi uli bwanji?

Ndine mwamuna wanu,
Gershom Kamzimbi


Kanyama
2 Juni 1996

Amake Lillian,

Moni nonse kumeneko. Ine ndili bwino, kwayamba kuzizira basi. Kalata yanu ndinalandira, ndakondwa kuti chimanga chalowa m'nkhokwe.

Ndaona chinthu kuntchito chimene sindikudziwa kuti ndikuuzeni bwanji.

Sabata yapitayo inali nthawi ya fitinesi ya Nambala 1. Nditafika m'mawa ndinaipeza itavala matayala khumi atsopano, mano ake akuthwa, ndi chozimira moto chofiira bwino m'kati. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinalemba manambala onse m'buku, tinapita koyesetsa, inapambana.

Lachiwiri lapitali inali nthawi ya Nambala 4. Nayonso ndinaipeza ndi matayala khumi atsopano. Ndinati m'mtima, ba Kapambwe ndi munthu woopa Mulungu. Ndinagwada n'kuyamba kulemba. Pa tayala lachitatu dzanja langa linaima lokha, chifukwa nambala yothera 4471 ndinali nditailembapo kale. Ndinabwerera masamba am'mbuyo. Manambala onse khumi anali omwe aja a Nambala 1. Ndinayesa kuti ndasokoneza ndine, ndinapukuta magalasi, ndinawerenganso katatu. Kenaka ndinapita kuseri kwa yadi kumene inaima Nambala 1. Amake Lillian, inali pa matayala ake akale, osalala ngati dazi, lina mawaya akuonekera.

A Majidi anali atakhala pa gudumu akudya chinangwa chootcha.

"Ba Koleji, mwataya chani pansi apo?"

"Matayala a Nambala 1 ali kuti?"

"Nsapato za ukwati? Wavala Nambala 4. Mkwati wa lero ndi ameneyo."

Nditapitiriza kuwayang'ana anasiya kutafuna. "Achimwene, zoona simudziwa? Nanga ku kolejiko munali kuphunzira chani?"

Anandifotokozera ngati akufotokozera mlendo njira ya kumsika. Matayalawo si athu. Mwini wake ndi munthu wina wa ku Kalingalinga amene amawabwereketsa pa tsiku, pamodzi ndi chozimira moto, zikwangwani zofiira zoika pamsewu lole ikafa, ngakhale magalasi a m'mbali. Amabwera nazo m'mawa pa kagalimoto kake, madzulo amadzatenga, mawa zili ku kampani ina. A Majidi akuti matayala amenewo apambana mayeso kambiri kuposa ine, akadakhala munthu bwenzi ali dokotala. Onse m'yadi anaseka. Ine ndinalowa mu ofesi n'kukhala pansi.

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndagwira ntchito ya malole, chotere sindinachionepo. Kapena chinalipo, ine ndiye sindinkayang'ana? Ndikamba ndi ba Kapambwe. Mwina sadziwa zimene zikuchitika m'yadi mwawo.

Ndatumiza sopo ndi shuga kudzera kwa a Majidi, akazisiya pa golosale ija yoyang'anana ndi positi pa Katete. Ndaikamonso juzi ya salaula, yovalidwapo kale koma yabwino, ndi ya Lillian, ikakula musaidule, apinde manja.

Wanu,
Gershom


Kanyama
23 Juni 1996

Amake Lillian,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo, musade nkhawa.

Ba Kapambwe ndinakamba nawo. Akudziwa. Ndi iwo anapangana ndi munthu wa ku Kalingalinga uja.

Ndinalowa ndi buku langa, ndinawaonetsa masamba awiriwo. Sanawayang'ane n'komwe. Anandithirira tiyi.

"Ba Kamzimbi, nkhalani pansi. Tayala imodzi ni zingati, muziba? Ni malipiro yanu ya myezi itatu. Manje malole faifi, matayala fifite. Nigulise nyumba?"

Ndinati lamulo likufuna kuti lole ikhale bwino pamsewu.

"Lamulo ifuna motoka inkhale fiti pa siku yopima. Pa siku yopima inali fiti olo siinali fiti?"

Ndinati inali.

"Manje vuto ili pati? Imwe muganiza tikali ku boma. Kuja tinali kugula matayala na ndalama zamene sitinaziwone, ndiye chifukwa kampani inafa. Apa boma ni ine. Vinthu vinachinja, mudala."

Pomaliza anatsegula zenera n'kundionetsa anthu amene amakhala pa geti m'mawa uliwonse kudikira ganyu. Ena ndimawadziwa, tinali limodzi ku kampani yakale, mmodzi anali kapitawo wanga. Ba Kapambwe anangotsekanso zeneralo.

Tsiku lomwelo Nambala 4 inali yopita ku Kitwe. Pepala linabwera pa tebulo langa. Ndinasaina.

Chiyambireni ndikuona zambiri zimene ndikadakonda ndisanaone. Pali bambo wina amabwera Loweruka ndi mbaula ndi mpeni, amautenthetsa n'kumasema mizere pa matayala osalala kuti aoneke ngati ali ndi mano. Dalaivala wa Nambala 5 ndinamuimika patali mapazi makumi awiri kuti andiwerengere nambala ya lole yake yomwe. Analephera, koma pepala la dokotala ali nalo, lachidindo bwinobwino. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Za ulendo wa Ogasiti tiyambe tadikira pang'ono. Musanauze anthu ambiri. Ndikufuna ndione kaye zinthu zina.

Denga la khitchini mwapeza womanga? Udzu mugule tsopano usanakwere mtengo. Lillian aziwerenga za thupi la munthu ndi masamu, amafunsa zimenezo. Aphunzirenso kuyankha mokweza, amalankhulira pansi kwambiri.

Ine,
Gershom


Kanyama
21 Julayi 1996

Amake Lillian,

Moni. Ndili moyo. Kalatayi muwerenge muli nokha, ndipo muwerenge kawiri.

Musadzakwere Nambala 3. Inu kapena Lillian, musadzakwere.

Lachinayi ndinalowa kunsi kwake ndi tochi, osati mongosuzumira ngati masiku ena, ndinakhalako ola lathunthu. Mabuleki a lole amagwira ndi mpweya. Injini ikazima, mpweyawo uyenera kukhala m'thanki mpaka mawa. Wa Nambala 3 umatha m'mphindi zinayi, ndinayesa ndi wotchi katatu. Paipi yopita ku gudumu lakumbuyo kumanzere inabooka kalekale, ndipo m'malo mogula ina anaipinda n'kuimenya ndi hamala kuti isatulutse mpweya. Ndiye kuti gudumu limenelo lilibe buleki konse. Chitsulo chimene buleki imagwira ku gudumu linalo chinang'aluka, anachiwotcherera. Loleyo inalembedwa kunyamula matani khumi ndi asanu, pobwera ku Chipata amaikamo makumi awiri. Inu mukukudziwa kutsetsereka kwa Kacholola kukafika pa mlatho wa Luangwa. Sindilemba zambiri.

Chiphaso cha fitinesi chili pagalasi lake, chatsopano, cha mwezi wa Epulo ndisanabwere. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Mmene inapambanira sindikudziwa, ndipo sindikufunanso kudziwa.

Lachisanu ndinakana kusaina. Ba Kapambwe anatenga pepalalo, anati, "Bolopeni nili nayo naine," anasaina okha, lole inatuluka. Sanandikalipire. Kuyambira tsikulo tiyi sandiitaniranso.

Ndikudziwa kuti ndine ndinakulonjezani ulendowu, ndipo ndinaulonjeza ndisanalowe kunsi kwa lole. Kulakwa n'kwanga. Ndaika m'kalatamu ndalama zokwana basi ya munthu mmodzi, ndi zimene ndakwanitsa. Lillian akwere basi ya m'mawa Lolemba pa 12 Ogasiti, akhale mpando wa pakati, osati kutsogolo. Ndikamudikira pa siteshoni kuyambira masana, sindichokapo mpaka afike. Inu mudzabwera ulendo wina.

Kalatayi ndaiponya pa positi, sindinafune kuti idzere m'manja mwa a Majidi. Mundiyankhe msanga.

Mwamuna wanu,
Gershom


Kanyama
4 Ogasiti 1996

Amake Lillian,

Kalata yanu a Majidi andipatsa dzulo, pamodzi ndi mtedza. Zikomo. Ndakondwa kuti amayi ayamba kuyenda opanda ndodo.

Mwalemba kuti mantha anga ndi akale. Mwandikumbutsa kuti ndinakuletsani kuphikira pa sitovu ya palafini, ndiponso kuti chaka chija ndinayeza chitsime ndi chingwe ana asanayambe kutungako. N'zoona, ndine wamantha, ndipo kambiri mantha anga apita pachabe. Koma izi si za m'mutu mwanga. Paipi yopindidwayo ndaigwira ndi dzanja langali.

Mwalembanso kuti mwana wamkazi simungamutumize yekha ku Lusaka, kuti muli ndi matumba atatu a chimanga oti mundibweretsere, ndi kuti ndalama ija mwamugulira nsapato ndi diresi yokaonekera. Nditawerenga pamenepo ndinakhala pa bedi, kalata ili m'manja, mpaka madzi amene ndinateleka anaphwa m'poto.

Lero m'mawa ndinapita ku Chawama kwa a Majidi. Mayi Mwanabibi, akazi awo, anandilandira bwino, anandipatsa tiyi ndi vitumbuwa. Ndinawapempha a Majidi chinthu chimodzi, kuti pa 13 akadzafika pa Katete adzangodutsa osaima.

"Ndidutse? Mlamu wanga ataima pamsewu ndi katundu, mwana ali ndi mayeso?"

"Mudzanene kuti simunawaone."

"Ba Koleji, mayi aja anandikonzera nkhuku, anaitanitsa mwalimu wa pa Katete kuti aichinje mwa chisilamu kuti ine ndidye. Ndawapatsa mawu anga. Munthu wotero ndimudutse ngati chitsa?"

Ndinawauza za mpweya ndi za paipi. Anaseka.

"Paipi ija ndinapinda ndine, chaka chatha pa Nyimba. Ine Luangwa sinditsika ndi buleki, achimwene, ndimatsika ndi giya. Buleki ndi ya anyamata."

"Nanga giya ikadzatuluka?"

"Ikadzatuluka ndiye kuti tsiku lakwana. Inu mumalemba m'buku mwanu, Mulungu naye ali ndi lake."

Mayi Mwanabibi anali pakhomo akupeta mpunga. Anati kwa ine, "Auzeni, bambo. Ine ndatopa kukamba." A Majidi anawayang'ana, anasintha nkhani n'kuyamba za mpira.

Pondiperekeza anandiuza chinanso, poyesa kundilimbitsa mtima. Akuti ulendo uliwonse amanyamula anthu khumi kapena kuposa pamwamba pa matumba, azimayi a malonda ndi ana awo, ndipo sanagwetsepo ndi mmodzi yemwe. Ine sindinkadziwa. Mapepala amene ndakhala ndikusunga amati loleyo imanyamula chimanga ndi dalaivala basi.

Petronella, sindikutchulani dzina kawirikawiri. Ndikukupemphani. Gulitsani matumba awiri, ngakhale motchipa, mukwere basi nonse awiri. Chimanga sindikuchifuna, ndidzagula ufa kuno. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya mawa kuti aisiye pa golosale. Lole inyamuka kuno Lachisanu pa 9.

Gershom


Kanyama
18 Ogasiti 1996

Amake Lillian,

Ndikhulupirira munabwerera bwino kumudzi. Ine ndilipo.

Ndamva kwa mayi wina wa malonda amene anakuonani kuti munagona masiku awiri pakhonde la golosale pa Katete, inu ndi Lillian ndi matumba, kuzizira konseku. Akuti Lillian anavala diresi yatsopano kuyambira Lachiwiri m'mawa, ndipo lole iliyonse ikamveka ankathamangira kumsewu. Pepani. Pepani kwambiri.

Nambala 3 anaigwira ku Chipata Lachiwiri lomwelo, itangomaliza kupakira. Oyesa magalimoto anaipeza pa depoti, analowa kunsi, anachotsa chiphaso pagalasi n'kutenga makiyi. A Majidi anafuna kukutumizirani uthenga koma anawasunga ku ofesi mpaka madzulo a Lachitatu.

Lolemba ndinadikira pa siteshoni mpaka basi yomaliza, ndimati mwina munamvera kalata yanga. Lachitatu ndinadikiranso. Lachinayi ndinapita kusukulu ya unamwino 7 koloko, ndinaima pa geti. Atsikana anali ambiri, ena ndi makolo awo. Dzina la Lillian linaitanidwa kawiri, ndinalimva ndili panja pa zenera. Ndinalowa kukapempha kuti amupatse tsiku lina. Mayi wa mu ofesi anandimvera bwino, koma anati malo ndi makumi anayi, ofuna ndi mazana, alembenso chaka chamawa.

Za nsapato sindikukudzudzulani. Munachita zimene mayi aliyense akadachita.

Masiku ano ndili pakhomo, kuntchito zinthu sizili bwino kwenikweni. Ndidzafotokoza. Mwezi uno musayembekezere kanthu kuchokera kuno, chimanga chija musagulitsenso.

Lillian akudya? Musamusiye yekha nthawi yaitali. Ndayamba kumulembera kalata kanayi, sindinaimalize.

Wanu,
Gershom


Kanyama
8 Seputembala 1996

Okondedwa Amake Lillian,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa ana. Kalata yanu yafika Lachinayi, ndipo yandichititsa mantha kuposa zonse zimene ndaona chaka chino.

Mwalemba kuti kumudzi anthu akuti wina anamutsekera Lillian njira, ndipo akuloza azakhali ake, a Rosemary, chifukwa mwana wawo analephera mayeso. Mwati simukulankhulana nawo, ndi kuti abale anu akufuna kupita kwa sing'anga. Aletseni lero lomwe. Mlongo wanga sanachite kanthu. Oyesa magalimoto sanafike pa depoti ija mwangozi, ndiponso sanatumidwe ndi mankhwala a munthu. Ndinakanena ndine.

Ndikuuzani zonse mwa dongosolo lake.

Lachisanu pa 9 lole inatuluka ine nditaima pa geti. A Majidi anandiimbira hutala, anati, "Lachitatu konzani ndiwo, ba Koleji, ndikubweretserani banja." Ndinadziwa pomwepo kuti kalata yanga simudzaimvera. Ofesi ya oyesa magalimoto ndi mtunda wa theka la ola kuchokera ku yadi. Ndinayenda mpaka pa geti pake, ndinaima, ndinabwerera. Ndinaopa ntchito. Loweruka ndinadziuza kuti mwina mugulitsa chimanga. Lamulungu ndinakhala m'tchalitchi osamva ngakhale nyimbo imodzi. Ndinalowa mu ofesimo Lolemba 10 koloko, buku langa lili m'manja.

Ofisala amene ndinamupeza anatsegula masamba pang'onopang'ono. Anaona manambala a matayala omwewo pa malole osiyana, anaona zimene ndinalemba za paipi. Anafunsa kuti, "Wasaina apa ndani?" Ndinati ndine. "Nanga apa?" Ndine. "Bambo, mukudziwa kuti bukuli likugwirani inunso?" Ndinati ndikudziwa. Anandifunsa chifukwa chimene ndabwerera lero osati mwezi wa Juni. Ndinati mwana wanga akwera loleyo mawa. Anandiyang'ana, anati, "Ana a anzanu akhala akukwera miyezi yonseyi." Kenaka anaimba foni ku Chipata ine ndili pomwepo.

Chimene chikundidya ndi ichi. Ndikadalowa Lachisanu lija, lole akadaigwira isanafike n'komwe ku Luangwa, ndipo pakadakhala masiku anayi oti uthenga ukupezeni ndi kupeza ya basi. Lillian akadafika. Masiku atatu amene ndinazengereza ndi amene amudyera chaka. Si a Rosemary, si nsapato, si tsoka.

Ba Kapambwe anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa buku lotero m'Lusaka muno ali nalo ndi munthu mmodzi. Anandipeza pa geti Lachitatu m'mawa, sanandilole kulowa. Anati, "Ninakutolani mu mseu, ba Kamzimbi. Bwelelani kwamene." Kapu yanga ya tiyi anandipatsira pa mpanda. Bukulo linatsala ku boma, akuti mwina adzandiitana.

Mufuna kudziwa za lole. Inakhala ku Chipata masiku asanu ndi anayi. Ba Kapambwe analipira faindi, anagula paipi imodzi, ndipo matayala a ku Kalingalinga anakwera basi kupita ku Chipata. Inayesedwa, inapambana, matayalawo anabwerera pa basi. Chitulukireni yapita kawiri, yabwera kawiri, anthu ali pamwamba. Sinagwe. Ndikulemba zimenezi kuti musadzazimve kwa wina. Mwina mukadakwera mukadafika bwinobwino, Lillian bwenzi pano akusoketsa yunifolomu. Sindidzadziwa, inunso simudzadziwa. Ndadzifunsa masiku onsewa ngati ndikadakhala chete, ndipo yankho silisintha. Sindikadatha kukhala pakhomo Lachiwiri lija ndikuwerenga maola, ndikudziwa kuti tsopano muli pa Kacholola.

A Majidi ndinakumana nawo kumsika wa Soweto sabata yatha. Laisensi yawo anailemba chilango, koma akuyendetsabe. Ndinawapatsa moni, anayang'ana dzanja langa nthawi yaitali asanaligwire.

"Za laisensi ndilibe nazo mawu," anatero. "Koma mwandinamizitsa kwa mzimayi. Anagona pakhonde akudikira ine."

Ndinati ndidzakuuzani zoona, kuti dzina lawo liyere.

"Muwauze. Muwauzenso kuti Majidi sadutsa munthu." Anapita osatsazika.

Ndiye ndakuuzani. Mupite kwa a Rosemary, muwawerengere kalatayi ngati mufuna, ndipo muwapepese m'dzina langa. Mukandikwiyira ndimva, muli ndi chifukwa.

Ndikupemphani chimodzi chokha. Lillian musamuuze. Ndagulitsa bokosi langa la masipanala, ndapeza ya basi ndi ya fomu ya chaka chamawa. Ndifika Loweruka masana. Ndikufuna amve kuchokera pakamwa panga ali kundiyang'ana, ndipo chimene adzanene ndidzachilandira nditaima pomwepo.

Ndine mwamuna wanu,
Gershom Kamzimbi